Mphwayi pa zinthu za onse ku India: mafunso ndi mayankho

Ophunzira, amalonda ndi odwala amene amapita ku Delhi, Mumbai, Chennai kapena Bengaluru amabwerako ndi mafunso ofanana. Dziko lotumiza makina ku mwezi, lokhala ndi zipatala zimene anthu a m'maiko ena amakwerera ndege, likulephera bwanji kuchotsa zinyalala pakhomo pa zipatala zomwezo? Mayankho ali m'munsiwa akuyambira pa zapafupi n'kumalowa mkati.

Anthu akamanena kuti Amwenye salabadira zinthu za onse, akunena chiyani kwenikweni?

Akunena khalidwe losamala zako zokha n'kulekerera zimene mwini wake ndi aliyense: msewu, ngalande, mtsinje, sitima, mzere wa pa banki. Zizindikiro zake n'zodziwika. Kutaya zinyalala pawindo la galimoto, kulavula pakhoma, kuyenda mbali yolakwika ya msewu pofuna kudula njira, kuliza hutala mosalekeza, kupereka kachiphuphu m'malo motsatira ndondomeko, ndiponso kuonerera munthu wovulala osamuthandiza. Eni ake amalitchula khalidweli kuti chalta hai, mawu amene munthu amayankha akaona cholakwika koma osafuna kudzivuta nacho.

Chitsanzo chimene chimatchulidwa kwambiri ndi mlatho wa Howrah ku Kolkata. Mu 2010 oyang'anira mlathowu anapeza kuti zitsulo zoteteza m'munsi mwa mizati yake zadyeka kuchoka pa mamilimita 6 kufika pa 3 m'zaka zitatu zokha. Chinazidya ndi malovu a anthu otafuna masamba otchedwa paan ndi fodya wa gutkha, amene amakhala ndi laimu. Anachita kuvindikira mizatiyo ndi zotchinga zapadera.

Kodi kumeneku si kunyoza kwa alendo chabe?

Ayi. Odzudzula kwambiri ndi Amwenye eni, m'nyuzipepala zawo, m'makhoti ndi m'nyumba ya malamulo. B. R. Ambedkar, amene anatsogolera komiti yolemba malamulo aakulu a dzikolo, anachenjeza mu Novembala 1948 kuti mtima wolemekeza malamulowo munthu sabadwa nawo, uyenera kuphunzitsidwa. Mu 1976 nyumba ya malamulo inawonjezera ndime ya 51A yofotokoza udindo wa nzika, monga kuteteza katundu wa boma ndi kusamala nkhalango, nyanja ndi mitsinje. Ndimeyi ilibe chilango, choncho imangolowezedwa m'sukulu.

Tsankho liliponso, makamaka pa intaneti, pomwe kanema mmodzi wa msewu wauve amamusandutsa chiweruzo cha anthu oposa 1.4 biliyoni. Amene wafika ku Aizawl, likulu la chigawo cha Mizoram, kumene magalimoto amandondozana mwakachetechete popanda kupitirirana, kapena m'mudzi wotchuka ndi ukhondo wa Mawlynnong ku Meghalaya, amadziwa kuti India si mmodzi.

Ndiye ndi chibadwa cha anthuwo?

Umboni ukukana. Sitima za Delhi Metro zinayamba kuyenda mu Disembala 2002, ndipo munthu yemweyo amene walavula panja pa siteshoni amameza malovu akangolowa mkati. Muli chindapusa cha marupee 200, koma chachikulu n'chakuti pansi ndi poyera kale, sitima imafika nthawi yake, ndipo wogwira ntchito amaoneka.

Mzinda wa Surat ku Gujarat unali umodzi mwa mizinda yauve kwambiri. Mu Sepitembala 1994 kunabuka mliri wa makoswe umene unapha anthu oposa 50, ndipo anthu zikwi mazanamazana anathawa m'masiku ochepa. Chaka chotsatira kunabwera mkulu wa khonsolo, S. R. Rao, amene analamula mabwana kuti m'mawa uliwonse azikhala m'misewu osati m'maofesi, anakhazikitsa zindapusa za pompopompo, ndipo pogwetsa nyumba zomangidwa mosatsata malamulo anayambira za anthu otchuka. Patatha zaka ziwiri Surat anali mzinda wina. Anthu ake anali omwewo.

Komanso anthu amenewa sitinganene kuti alibe mtima wothandizana. Ku kachisi wa Asikh wa ku Amritsar anthu odzipereka amaphikira alendo zikwizikwi tsiku lililonse kwaulere, ndipo pa mliri wa Covid mu 2021 akachisi ena a Asikh ankagawa mpweya wa oxygen m'misewu ya Delhi. Kudzipereka kulipo, koma kumathera pa banja, mtundu ndi chipembedzo. Kumene kumasowa ndi kwa mlendo amene ukuyenda naye msewu umodzi.

Chifukwa chiyani m'nyumba mumakhala moyera koma kunja kuli uve?

Apa ndi pamene nkhani ili, ndipo ambiri olemba za mphwayi amapalambalala. M'dongosolo la caste, munthu amabadwira m'gulu limene kale linkamusankhiratu ntchito, womukwatira ndi wodya naye. Kusesa msewu, kunyamula nyama zakufa ndi kuchotsa chimbudzi zinapatsidwa kwa magulu a pansi penipeni pa anthu otchedwa Dalit, monga Avalmiki a kumpoto ndi Arunthathiyar a ku Tamil Nadu. Ukhondo m'dongosolo limeneli umatanthauza kutalikirana ndi chodetsa, osati kuchichotsa. Mayi amasesa nyumba kawiri patsiku n'kukankhira zinyalalazo kunja kwa geti, chifukwa kuyambira pamenepo ndi ntchito ya wina, ndipo winayo ali ndi dzina la mtundu wake.

Kuchotsa chimbudzi ndi manja kunaletsedwa ndi lamulo la 1993, kenako lina lokhwima la 2013 limene linaletsanso kulowetsa munthu m'suweji kapena m'thanki ya chimbudzi popanda zodzitetezera. Komabe chaka chilichonse amuna amafera m'maenje amenewa. Zimachitika mofanana: kontirakitala amalemba aganyu, woyamba amatsika atavula malaya ndi chingwe m'chiuno, mpweya woipa wa m'dzenjemo umamukomola m'mphindi zochepa, wachiwiri amatsika kukamupulumutsa, nayenso amagwa. N'chifukwa chake imfa zimenezi zimakonda kubwera ziwiriziwiri kapena zitatuzitatu. Khoti la Supreme mu 2014 linalamula chipepeso cha marupee 1 miliyoni pa imfa iliyonse, pa mlandu umene linabweretsa gulu la Safai Karmachari Andolan lotsogozedwa ndi Bezwada Wilson, ndipo mu Okutobala 2023 linakweza ndalamayi kufika pa 3 miliyoni. Olemba ntchito amene amangidwa ndi owerengeka.

Munthu amene sanaganizepo kuti mwana wake angadzagwire tsache la khonsolo savutika kuganiza kuti botolo limene wataya likathera m'manja mwa ndani.

Nanga ophunzira ndi opeza bwino, amene amadandaula kwambiri, amatani?

Ambiri anatulukamo. Madzi a pampopi akavuta amagula sefa ya m'nyumba, kukumba mjigo kapena kuitanitsa galimoto yogulitsa madzi. Magetsi akamazima amagula mabatire ndi jenereta. Ana amapita ku sukulu zolipira, odwala ku zipatala zolipira, pageti pali mlonda. Mzinda wa Gurugram, kufupi ndi Delhi, unamangidwa kwambiri ndi makampani motere: mkati mwa mipanda muli udzu wodulidwa bwino ndi maiwe osambira, kunja misewu imasanduka mitsinje mvula ikangogwa.

Zotsatira zake n'zakuti anthu amene ali ndi mawu, amene mkulu wa khonsolo angayankhe foni yawo, alibenso chifukwa cholimbirana kuti sukulu ya boma kapena mpopi wa onse ukonzedwe. Otsala ndi amene tsiku limodzi lokadikira pa ofesi limawadyera ndalama ya chakudya. Mabungwe a eni nyumba m'madera olemera ndi amphamvu ndithu, ndipo boma la Delhi pansi pa Sheila Dikshit linawapatsa mpata mu pulogalamu ya Bhagidari kuyambira 2000. Koma nkhondo zawo zambiri ndi za malo oimika magalimoto, mageti ndi kuthamangitsa mavenda. Kudandaula kwa gulu limeneli kuti "anthu athu alibe khalidwe" kumafunika kukumvera mosamala, chifukwa galimoto yaikulu yoima pa njira ya oyenda pansi si ya munthu wa m'zisakasa.

Kodi Amwenye savota?

Amavota kwambiri. Pa chisankho cha aphungu cha 2019 anavota anthu 67 pa 100 aliwonse olembetsa, ndipo mu 2024 anavota anthu oposa 640 miliyoni. Chodabwitsa n'chakuti osauka ndi a kumudzi amavota kuposa olemera a m'tauni, zosiyana ndi za ku America ndi ku Ulaya.

Mphwayi imaoneka pa zisankho za makhansala, amene ndiwo amayang'anira zinyalala ndi ngalande. Ku Bengaluru mu 2015 sanakwane theka, ku Hyderabad mu 2020 anali pafupifupi 46 pa 100, ku Delhi mu 2022 pafupifupi theka. Zigawenga zitaukira Mumbai mu Novembala 2008, anthu a m'dera lolemera la Mumbai South anayatsa makandulo n'kulumbira kuti andale aona zakuda. Pa chisankho cha miyezi isanu pambuyo pake, anavota pafupifupi 40 pa 100 okha.

Khonsolo zimalephera bwanji, pomwe anthu amakhoma misonkho?

Pali zifukwa zitatu zolukana: mphamvu, ndalama ndi kusadziwika kwa mwini ntchito.

Kusintha kwa nambala 74 kwa malamulo aakulu, kumene kunayamba kugwira ntchito mu Juni 1993, kunatchula ntchito 18 zoyenera kupita ku makhonsolo ndi kulamula makomiti a mawodi m'mizinda ya anthu oposa 300,000. Maboma a zigawo ambiri anagwirabe ntchitozo. Woyendetsa mzinda weniweni ndi komishonala wosankhidwa ndi boma la chigawo, amene angasamutsidwe tsiku lililonse. Meya wa Delhi amakhala chaka chimodzi, ndipo wa Bengaluru kwa nthawi yaitali zinali chimodzimodzi. Bengaluru anakhala wopanda makhansala kwa zaka zoposa zinayi kuyambira Sepitembala 2020, Mumbai kwa zaka zoposa zitatu kuyambira Malichi 2022, ndipo anthu sanadzaze misewu pa nkhaniyi. Amalawi amene akukumbukira zaka za 2005 mpaka 2014, pamene dziko linalibe makhansala, akudziwa mmene chete ameneyu amakhalira.

Pa ndalama, makhonsolo onse a ku India pamodzi amagwira pafupifupi 1 peresenti ya chuma cha dziko, kutsika kwambiri poyerekeza ndi South Africa kapena Brazil. Msonkho wa nyumba umatoleredwa pang'ono chifukwa kaundula ndi wakale ndipo palibe wandale amene amafuna kuukweza.

Chachitatu ndicho chimafooketsa nzika. Ku Delhi msewu umodzi ungakhale wa khonsolo, ngalande yake ya nthambi ya zomangamanga ya boma la Delhi, suweji ya bungwe la madzi, malo a bungwe la mapulani lomwe lili pansi pa boma lalikulu, apolisi nawonso a boma lalikulu. Mu Julayi 2024 ophunzira atatu anamira m'chipinda chapansi cha sukulu yokonzekeretsa mayeso ku Old Rajinder Nagar madzi a mvula atathyola geti, ndipo maofesi onsewa anayamba kulozana zala. Munthu akadandaula katatu n'kuuzidwa katatu konse kuti si kuno, ulendo wachinayi sapita. Zambiri zimene timazitcha mphwayi zinayamba motere.

Boma la chigawo cha Kerala linayesa njira ina. Mu 1996 linapereka gawo loposa limodzi mwa magawo atatu la ndalama za chitukuko ku makhonsolo ndi midzi kuti anthu azikonza okha mapulani. Misonkhano ya m'madera kumeneko ili ndi tanthauzo chifukwa ili ndi ndalama. Izi sizinaletse mtaya wa Brahmapuram ku Kochi kuyaka kwa masiku oposa khumi mu Malichi 2023.

Kampeni ya ukhondo ya Swachh Bharat inasinthako zinthu?

Inasintha, ngakhale osafika pamene boma limanena. Nduna yaikulu Narendra Modi anaikhazikitsa pa 2 Okutobala 2014, ndipo pa 2 Okutobala 2019 boma linalengeza kuti lamanga zimbudzi zoposa 100 miliyoni ndipo kumidzi kulibenso wopita kutchire. Kafukufuku wa boma lomwelo wa zaumoyo wa mabanja wa 2019 mpaka 2021 anapeza kuti mabanja 19 pa 100 aliwonse analibe chimbudzi chogwiritsa ntchito. Zaka zisanu m'mbuyomo anali pafupifupi 39, choncho kutsikako n'kwenikweni.

Chimene chinavuta n'chophunzitsa. Banja linkalandira marupee 12,000, ndipo chimbudzi cholimbikitsidwa chinali cha maenje awiri, lililonse lakuya ndi kutambalala pafupifupi mita imodzi. Mumagwiritsa ntchito dzenje limodzi, likadzaza mumatembenuzira paipi ku linalo, loyambalo n'kulitseka kwa chaka kapena kuposerapo mpaka zamkati zitasanduka manyowa ouma osanunkha, amene mwini nyumba angafukule yekha ndi fosholo. Mabanja ambiri anakana. Ena anakumba dzenje limodzi lalikulu, ena anamanga thanki ya simenti yokwera mtengo, ena anasiyira chimbudzicho amayi ndi okalamba pomwe abambo ankapitabe kumunda kuti dzenje lisadzaze msanga. Onsewa ankaopa chinthu chimodzi: tsiku lofukula. Onani funso la m'nyumba ndi kunja.

Mitaya nayo idakalipo. Wa Ghazipur ku Delhi unatsegulidwa mu 1984, unadzaza mu 2002, koma anapitiriza kutayapo mpaka phirilo linafika mamita pafupifupi 65. Mu Sepitembala 2017 mbali ina inagumuka n'kupha anthu awiri.

Nanga Indore anachita chiyani kuti azipambana chaka ndi chaka?

Indore, mzinda wa ku Madhya Pradesh, unali pa nambala 25 pa mpikisano wa ukhondo wa 2016. Kuyambira 2017 unakhala woyamba kasanu ndi kawiri motsatizana, ndipo mu 2023 unagawana ulemuwo ndi Surat. Ndondomeko yake inali iyi.

Anachotsa mabini akuluakulu a m'misewu, chifukwa bini lililonse limasanduka kamtaya ndi modyera ng'ombe. M'malo mwake galimoto zazing'ono zokhala ndi zipinda zinayamba kufika pakhomo lililonse tsiku ndi tsiku, nthawi yofanana, zikuimba nyimbo kuti anthu azimve, ndipo ulendo wa iliyonse umalondoledwa pa kompyuta. Galimoto iliyonse poyamba inkayenda ndi wothandiza amene ankatsegula ndowa ya mwini nyumba n'kumuonetsa pomwepo chimene wasakaniza. Anayamba ndi kusiyanitsa zowola ndi zouma, kenako anafika pa magulu asanu ndi limodzi: zowola, mapulasitiki, zouma zina, matewera ndi zofanana nazo, zoopsa monga mabatire ndi mankhwala, ndi zipangizo zamagetsi. Banja lililonse limalipira kandalama pamwezi. Misika imasesedwa usiku. Osesa amene ankangolandira malipiro osabwera kuntchito anachotsedwa, zimene zinafuna kukambirana kwa nthawi ndi mabungwe awo. Mtaya wakale wa Devguradia anaufukula ndi kuusefa, ndipo mu Febuluwale 2022 anatsegula fakitale yolandira matani 550 a zowola patsiku n'kupanga gasi woyendetsa mabasi.

Dongosolo la zinthuzi ndilo lofunika. Zindapusa zinakhwima galimoto itayamba kale kudalirika. Mizinda imene inatengera mayunifolomu ndi nyimbo koma n'kumasakaniza zinyalala zonse m'lole imodzi pamaso pa mayi amene wazisiyanitsa, inataya anthu m'sabata zochepa, ndipo kuwabweza kachiwiri kumavuta kuposa poyamba. Dziwaninso kuti mpikisanowu uli ndi zofooka: mizinda ina imapenta makoma ndi kubisa zisakasa oyendera akayandikira.

Pamsewu bwanji? Zindapusa zikuluzikulu sizinathandize?

Mu 2022 ngozi za pamsewu zinapha anthu 168,491, kutanthauza anthu pafupifupi 460 patsiku. Oposa 50,000 mwa iwo anali pa njinga zamoto opanda chisoti, ndipo oposa 16,000 sanamange lamba. Imfa zoposa 70 pa 100 zinalembedwa kuti zinadza ndi liwiro. Chaka chomwecho Cyrus Mistry, amene anakhalapo wapampando wa kampani ya Tata Sons, anafa pa ngozi ku Palghar ali mpando wakumbuyo wosamanga lamba, ndipo m'pamene ambiri anamva kuti lamulo la lamba wakumbuyo lilipo.

Lamulo latsopano la Sepitembala 2019 linakweza zindapusa: kuyenda wopanda chisoti kuchoka pa marupee 100 kufika pa 1,000, wopanda laisensi 5,000, woledzera 10,000. Pasanathe sabata ziwiri boma la Gujarat linatsitsa zambiri mwa izo, ndipo zigawo zina zinazengereza. Vuto lina n'lakuti chindapusa chikakwera koma mwayi wogwidwa uli wochepa, chimene chimakwera ndi mtengo wa chiphuphu. Makamera otumiza chindapusa pa foni achita bwinoko chifukwa palibe wokambirana naye.

Tisaiwale kuti misewu yambiri ilibe poyenda apansi. Munthu wowoloka msewu wa mizere sikisi pothamanga chifukwa mlatho wowolokera uli kilomita imodzi kutali sitingamuike m'gulu limodzi ndi woyendetsa galimoto mobwerera pa msewu waukulu.

N'zoona kuti anthu amangoonerera munthu akufa pamsewu?

Zimachitika. Pa nkhani ya mtsikana amene anagwiriridwa m'basi ku Delhi pa 16 Disembala 2012, mnzake amene anamenyedwa naye limodzi anafotokoza kuti atatayidwa m'mbali mwa msewu magalimoto ankachepetsa liwiro, anthu n'kuyang'ana, n'kumapita.

Chifukwa chake chinafufuzidwa. Bungwe la SaveLIFE Foundation mu 2013 linapeza kuti anthu atatu mwa anayi sangathandize wovulala kwambiri, ndipo ochuluka mwa iwo anatchula mantha a apolisi ndi makhoti. Manthawa anali ndi maziko: wobweretsa wovulala ankasungidwa pachipatala, kuuzidwa kuti alipire, kufunsidwa ngati ndiye wagunda, kenako kuitanidwa ngati mboni kwa zaka.

Pa 30 Malichi 2016 khoti la Supreme linapatsa mphamvu ya lamulo ndondomeko zoteteza wothandiza, ndipo mu 2019 zinalowa m'lamulo la magalimoto ngati ndime 134A. Wothandiza sakakamizidwa kutchula dzina, chipatala sichingamugwire kapena kumulipiritsa, ndipo akavomera kukhala mboni amafunsidwa kamodzi. Dokotala ayenera kuyamba kuthandiza wovulala asanadikire apolisi, malinga ndi chigamulo cha 1989. Nambala zoimba ndi 112, kapena 108 ya ambulansi m'zigawo zambiri. Anthu ambiri, ndi apolisi ena omwe, sakudziwabe za lamuloli.

Ngozi yaikulu ikachitika anthu amakwiya. Mkwiyowo umathera kuti?

Mndandanda wake umabwereza zinthu zomwezo. Mu Juni 1997 anthu 59 anafa ndi utsi mu holo ya kanema ya Uphaar ku Delhi, kumene khomo lina lotulukira linatsekedwa ndi mipando yowonjezera. Mu Meyi 2019 ophunzira 22 anafa pa moto ku Surat, pa sukulu yomangidwa padenga mosaloledwa. Pa 30 Okutobala 2022 mlatho wolendewera wa Morbi unaduka patangotha masiku anayi autsegulanso, n'kupha anthu 135. Mu Meyi 2024 anthu 27 anapsa pa malo a masewera ku Rajkot amene analibe chiphaso cha ozimitsa moto. Nthawi iliyonse boma limalengeza chipepeso, kuimitsa ntchito mabwana angapo, kukhazikitsa komiti, ndi kuyendera nyumba zina kwa mwezi umodzi.

Chimene chimapha mkwiyo ndi kuchedwa kwa makhoti, omwe ali ndi milandu yoposa 50 miliyoni yodikira. Pa mlandu wa Uphaar chigamulo choyamba chinatuluka mu 2007, ndipo apilo inapitirira zaka zina khumi. Unafika pamenepo chifukwa Neelam ndi Shekhar Krishnamoorthy, amene anataya ana awo awiri, anakhazikitsa bungwe la ofedwa n'kumapezeka kukhoti osatopa. Ziwonetsero zolimbana ndi katangale za Anna Hazare mu 2011 zinabala lamulo lokhazikitsa udindo wa Lokpal, wofufuza katangale wa akuluakulu a boma, mu 2013, koma woyamba kukhala pa udindowo anasankhidwa mu Malichi 2019, makamu atabalalika kalekale.

Utsi wa ku Delhi nawo ndi mphwayi ya alimi?

Pang'ono chabe. Ambiri amaloza chala alimi a chigawo cha Punjab amene amawotcha ziputu za mpunga. Koma lamulo la chigawocho la 2009 loteteza madzi a pansi linachedwetsa kuwokera mpunga mpaka pakati pa Juni, choncho kukolola kumafika kumapeto kwa Okutobala. Mlimi amatsala ndi sabata ziwiri kapena zitatu kuti adzale tirigu, makina okololera amasiya ziputu zazitali, ndipo machesi ndi otsika mtengo kuposa kubwereka makina odzala m'ziputu. Masiku ena utsi umenewu umafika gawo limodzi mwa atatu la utsi wa mu mzinda, koma ndi nyengo yaifupi. Chaka chonse utsi umachokera ku magalimoto, fumbi la zomangamanga, mafakitale ndi kuwotcha zinyalala. Makombola a pa chikondwerero cha Diwali ndiwo chitsanzo chabwino cha mphwayi yeniyeni: khoti mu 2018 linalola maola awiri okha, kuyambira 8 mpaka 10 koloko usiku, koma amaphulika mpaka mbandakucha m'madera omwe muli makina oyeretsa mpweya m'zipinda zogona.

Nzika imene ikufuna kuchitapo kanthu ili ndi chida chanji?

Champhamvu kwambiri ndi lamulo la 2005 la ufulu wopeza uthenga wa boma, lodziwika kuti RTI. Silinachokere kwa ophunzira a m'tauni. Linayamba ndi aganyu a kumidzi ya Rajasthan, m'gulu la MKSS limene mmodzi mwa oyambitsa ake ndi Aruna Roy, amene ankawerenga mokweza kaundula wa malipiro pabwalo n'kupezamo mayina a anthu akufa.

Kagwiritsidwe kake ndi aka. Mumalemba kalata kwa ofisala wa uthenga wa ofesi yoyenera, m'Chingerezi, m'Chihindi kapena m'chilankhulo cha chigawocho, n'kulipira marupee 10 ku maofesi a boma lalikulu. Ovutikitsitsa okhala ndi khadi la boma losonyeza umphawi wawo salipira. Simufunika kunena chifukwa. Yankho liyenera kubwera m'masiku 30, kapena maola 48 ngati moyo kapena ufulu wa munthu uli pachiswe. Tsamba lililonse ndi marupee 2. Likapanda kubwera mumachita apilo kwa bwana wa ofisalayo m'masiku 30, kenako ku komishoni ya uthenga m'masiku 90. Ofisala wozengereza angalipitsidwe marupee 250 patsiku mpaka 25,000 kuchokera m'thumba mwake.

Ambiri amalakwitsa pofunsa kuti "chifukwa chiyani msewu wathu sunakonzedwe", ndipo amayankhidwa kuti lamuloli limapereka zolembedwa, osati maganizo. Pemphani zikalata: kontirakiti ya msewuwo, buku la miyeso, dzina la injiniya amene anasaina kuti ntchito yatha, ndi nthawi imene kontirakitala ayenera kukonza zowonongeka mwaulere. Kawirikawiri dzenje limakwiriridwa yankho lisanabwere.

Ngozi yake ndi yeniyeni. Satish Shetty anaphedwa kufupi ndi Pune mu Januwale 2010 ataulula katangale wa malo, ndipo Amit Jethwa anawomberedwa kunja kwa khoti lalikulu la Gujarat mu Julayi chaka chomwecho pa nkhani ya migodi yosaloledwa. N'chifukwa chake odziwa amalangiza kuti pempho lovuta alilembe anthu angapo nthawi imodzi ndipo yankho lilengezedwe msanga. Lamuloli lafooketsedwanso ndi kusintha kwa 2019 ndi 2023, ndipo makomishoni ena amakhala miyezi opanda makomishonala.

Magulu odzipereka osesa misewu ndi magombe amathandizadi?

Amathandiza akalumikizana ndi khonsolo, amalephera akaganiza kuti alowa m'malo mwake. Gulu la The Ugly Indian, limene linayamba ku Bengaluru mu 2010 ndipo mamembala ake sadzitchula mayina, limayamba ndi kuonerera ngodya yauve kwa masiku kuti lidziwe amene amataya, nthawi yake ndi chifukwa chake. Nthawi zambiri amapeza kuti galimoto ya khonsolo imadutsa masitolo asanatsegule. Akagwirizanitsa nthawiyo ndi eni masitolo ndi osesa, m'pamene amatsuka, kupenta ndi kuika miphika ya maluwa. Amati ntchito yatheka ngodyayo ikakhala yoyera masiku 90 popanda iwo.

Loya wa ku Mumbai, Afroz Shah, anayamba kutola zinyalala pa gombe la Versova mu Okutobala 2015 ndi mnansi wake wokalamba. Khonsolo inabwera ndi malole ndi mathirakitala, ndipo mu Malichi 2018 tiana ta akamba a m'nyanja tinaswedwa pagombepo. Koma pulasitiki amabwerera ndi mvula iliyonse kudzera m'mitsinje ya mu mzinda, choncho gululo linachita kusamukira kumtunda kukagwira ntchito ndi mabanja okhala m'mbali mwa mitsinjeyo, kumene galimoto ya zinyalala sinkafika.

Zosintha zazikulu zambiri zinadutsa kukhoti. Mlandu wa Almitra Patel wa 1996 unabala malamulo oyamba a zinyalala a 2000, ndipo milandu ya M. C. Mehta inachititsa kuti mabasi a Delhi asiye dizilo n'kuyamba gasi pofika 2002. Malamulo a zinyalala a 2016 anaika udindo wosiyanitsa zowola, zouma ndi zoopsa pa mwini nyumba, ndi wozitenga mosiyana pa khonsolo, kotero wokhala m'dera limene galimoto imasakaniza zonse ali ndi maziko olembera pempho lofunsa kontirakiti ya kampani yotola zinyalalayo ndi chilango chimene chinalembedwamo.